Mutu 5: Thukuta la M'mwezi wa Juni

1. Manja abwezedwa

Edina adatuluka m'chikuta Lachinayi, mchombo wa mwana wake utagwa. Mng'ono wake Zipora, amene anali Fomu 3 pa sekondale ina yolipira pa Mitundu, sadadikire n'komwe kusesa m'kalasi tsiku limenelo. Belu litangolira adaliyatsa liwiro la kumudzi, kuti akanyamule khandalo koyamba.

Adapeza amayi atakhala pamkeka kuseri kwa nyumba, pobisalira mphepo. Panali mayi ake, Edina ndi khanda lake, komanso amayi ake aakulu, a Rozina, akulu awo a mayi ake, amene adachokera ku Malingunde kudzathandiza pa uchembere. A Rozina anali mlangizi wa atsikana kumpingo kwawo, ndipo maso awo sankaphonya kanthu.

Zipora adaponya chikwama pansi, navula juzi kuti ingakande mwana, natambasula manja.

Bulauzi yake yoyera inali itanyowa m'khwapa monse muwiri, madzi atatsetsereka mpaka m'nthiti. Kwa a pakhomopo izi sizinali zachilendo. Chiyambire ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, Zipora ankatuluka thukuta m'khwapa ngati wina waiwala kutseka mpopi. Adayesa mandimu, adayesa soda, adayesa paudala wa ana. Adafika posokerera tinsalu m'kati mwa bulauzi, koma pofika piriyodi yachiwiri timakhala titakhuta. Kusukulu anyamata adamupatsa dzina loti Diamphwe, ati mtsinje wosaphwa.

Koma a Rozina, asanabwere ulendo uno, adali atatha zaka zisanu osamuona Zipora.

"Bweza manjawo," adatero.

Zipora adaseka, poyesa nthabwala. "Ndasamba m'manja kusukulu, amayi."

"Ndati bweza. Edina, fundika mwanayo."

Edina adayang'ana pansi, nakokera nsalu pamutu pa khanda.

"Khala apo, Zipora, umve," a Rozina adapitiriza. "Mwana uyu ngwozizira, sanatengedwe. Munthu amene akuyenda ndi amuna akamugwira amamusempha. Liwombo limalowa, miyendo imatupa, amangolira usana ndi usiku mpaka kuuma ngati chiputu. Ife taikapo ana m'manda chifukwa cha atsikana obisa zinthu. Uno ndi mwezi wa Juni. Ine ndavala majuzi awiri, agalu omwe akugona paphulusa, koma iwe madzi ali chuchuchu. Dzulo ndinapeza tinsalu take atayanika mobisa kuseri kwa bafa, ndinangoti ndione kaye. Thupi la namwali wosadziwa mwamuna silitero ayi. Utsi sufuka popanda moto. Ngati walakwa, ulula lero, tikudziwe pokusunga. Koma mwana uyu usamukhudze, ndipo mchere m'ndiwo usathirenso pakhomo pano."

Zipora adadzutsa mutu, nawayang'ana.

"Ndinayamba zimenezi ndili Sitandade 6. Ndiye mwamuna ameneyo ndinamupeza ku Sande sukulu?"

"Zipora, pakamwa," mayi ake adamudula.

"Amayi, inu mukudziwa. Auzeni."

Mayi ake adatsegula pakamwa, nayang'ana akulu awo, natsekanso. Adali mayi wamasiye, ndipo chiyambire sadatsutsepo a Rozina pagulu.

"Wamva kuyankha kwakeko?" adatero a Rozina. "Mwana wa masiku ano akayamba kulawa za akulu, mwano umatsogola. Ndipita ndekha kwa Gilibati."

2. Pa chigafa cha amalume

A Gilibati adali mlongo wawo wa a Rozina ndi mayi ake a Zipora, mwini mbumba. Chimwalirireni bambo ake a Zipora, iwo ndi amene ankamulipirira sukulu ndi ndalama ya fodya. Chaka chimenechi fodya adachedwa kulowa ku okushoni, ndipo aphunzitsi aakulu adali atalengeza kuti Lolemba ndilo tsiku lomaliza. Wobwera wopanda fizi adzabwerera pageti.

Dzuwa lisanalowe adamuitanitsa. Adawapeza pa chigafa akusoka chiguduli cha belo lomaliza. Zipora adagwada chapatali, atapanikiza mikono m'nthiti.

A Gilibati sadali munthu wokalipa. Ankalankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga ndindi za fodya, ndipo chimenecho ndicho chinkaopsa.

"Ndamva za kwa alongo anga," adayamba. "Ine si mkazi, za m'thupi la namwali sindizidziwa. Chimene ndikudziwa ndi fodya. Kuchokera pa nazale mpaka pa belo ili ndi miyezi khumi, msana wanga ndi wa azakhali ako. Ana anga enieni awiri adalekera Sitandade 8 chifukwa ndidati mbumba ndiyo iyambe. Ndidalipirirapo mwana wa mlongo wanga wina mpaka Fomu 4, teremu yachiwiri adabwera ndi mimba ya kondakitala wa minibasi. Ndalama imeneyo ndidakangoithira m'dambo bwenzi itamera mpunga. Sindibwerezanso. Munthu sapunthwa kawiri pa chitsa chimodzi. Ngati zimene akunena a Rozina zili zoona, sukulu yathera pomwepa, tiyambe kufunsa mwini wakeyo kuti ndani."

"Si zoona, amalume."

"Wakuba aliyense amatero."

"Ndiye ndinene chiyani kuti mukhulupirire?"

"Kunena ayi. Pakamwa aliyense ali napo." Adakoka chingwe ndi mano. "Loweruka m'mawa tikhala pansi tonse. Pita."

Pobwerera, Zipora adaona kuti bulauzi yanyowa kuposa kale. Ndi mmene linalili thukuta lakelo. Akachita mantha limachuluka, akapsa mtima limachuluka, ndipo womuona amati taonani, chikumbumtima chikumudya.

3. Ulendo wa ku Nathenje

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lachisanu m'mawa Zipora adavala yunifolomu ngati wopita kusukulu, koma m'chikwama adaikamo kabuku kake ka kuchipatala. Adatenganso ndowa ya mtedza umene adakunkha m'minda ya anthu, nakaugulitsa kwa mavenda pa Mitundu.

Chipatala cha pafupi sadachifune. Kumeneko aliyense pamzere ndi wa kumudzi kapena wa kumpingo, ndipo mtsikana wa yunifolomu akangoonekera pakhomo la dokotala, nkhani imafika kunyumba iye asanafike. Adakwera kabaza wa njinga yamoto wa ku Nathenje, kumene sankadziwika.

Msewu unali wafumbi, mphepo ikulasa m'makutu. Wakabazayo adali atavala jekete ndi chipewa cha ubweya. Potsika adamuyang'ana, naseka.

"Asisi, njinga ndimayendetsa ine, koma wotopa ndinu?"

Zipora adamupatsa ndalama yake, nalowa pachipatala.

Adakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili pamutu, pakati pa amayi a ana otsokomola ndi agogo a miyendo yotupa. Mayi wina woyandikana naye adamufunsa chimene chikumupweteka. Adati mutu.

Dokotala adali mayi wamfupi wa magalasi, dzina lake a Masozi. Adamufunsa vuto lake. Zipora adangovula juzi n'kukweza mikono.

A Masozi sadaseke, ndiponso sadachite tsinya. Adayamba mafunso. Chidayamba liti? Mbali zonse ziwiri? Usiku ukagona zofunda zimanyowa? Ukutsokomola? Ukuonda? Thupi limatentha? Mtima umathamanga? Alipo wina kubanja amene ankatero?

"Usiku ayi, ndimagona wouma. Bambo anga ankatero. Amayi amati malaya awo onse adali achikasu m'khwapa."

Adamuyeza kulemera, adamumvera m'chifuwa, adamubaya chala kuona shuga.

"Ulibe chifuwa chachikulu, ulibe shuga," adatero. "Pakhungu pa munthu aliyense pali tizitsime ta thukuta. Tako ta m'khwapa timagwira ntchito mopyola muyeso, popanda chifukwa. Ndi matenda odziwika, ali ndi dzina m'mabuku, ndipo nthawi zambiri amayenda m'banja. Sunalakwe kanthu."

Mawu awiri omalizawo adamulowa Zipora ngati madzi pakhosi louma. Adafotokoza zonse, za khanda, za mchere, za amalume ndi Lolemba.

"Ndiye mundilembere m'bukumu kuti sindinadziwepo mwamuna."

A Masozi adavula magalasi. "Chimenecho sindingalembe."

"Bwanji? Ndi zoona."

"Ndikukukhulupirira. Koma palibe chipangizo, palibe dokotala, palibe mayi wina aliyense amene angayang'ane thupi la mtsikana n'kudziwa zimenezo motsimikiza. Amene anganene kuti amatha, akunama. Ndingakuyeze mkodzo, ndilembe kuti ulibe mimba. Ndilembanso dzina la matendawa ndi kuti alibe chochita ndi amuna. Ndimalemba zimene ndikudziwa basi."

"Iwo anena bodza popanda umboni, awakhulupirira. Ine ndikunena zoona, mukuti umboni kulibe."

"Ndi mmene zilili, mwanangu. Sindikuti n'chilungamo."

4. Mtengo wake

Mkodzo utayezedwa, a Masozi adalemba tsamba lonse, nadinda chidindo pansi pake.

"Nanga mankhwala alipo?" adafunsa Zipora.

"Alipo, koma ndikuuze zonse, usadzati sindinanene. Oyamba ndi opaka, a m'kabotolo. Umapaka pogona, khungu lili louma, m'mawa n'kusamba. Ambiri amawathandiza. Ena amawayabwa mpaka kuwasiya, ndipo alipo ena amene sawathandiza n'komwe. Sachiritsa, amangotseka. Ukasiya, thukuta limabwerera. Kuno tilibe, uyenera kukawafuna m'sitolo zikuluzikulu za mankhwala ku Lilongwe."

Adalemba dzina la mankhwalawo pakapepala, ndi mtengo umene iwo adaumva komaliza. Zipora adauyang'ana. Mabotolo okwanira miyezi itatu, kuonjezapo ulendo wa ku tauni, zinkadya pafupifupi fizi yonse ya teremu.

"Palinso jekeseni wobaya m'khwapa momwemo," a Masozi adapitiriza. "Ameneyo amaumitsa bwino, koma kwa miyezi ingapo chabe, kenako ukabayitsenso. Ngati ungamupeze ndi m'zipatala zolipira za m'tauni, ndipo mtengo wake amalume akowo angagulitse mabelo angapo. Usamuganizire panopa. Ndipo tamvera bwino apa. Ukatuluka muno, pamsika upeza anthu a zikwama amene adzakuuza kuti ali ndi jekeseni yemweyo pa mtengo wa mandasi. Ndalandirapo mtsikana muno khwapa litatupa ngati papaya, mafinya ali tho, chifukwa cha anthu amenewo. Usalole munthu akubaye pansi pa mtengo. Matenda akowa sapha, salumalitsa, sakuletsa kubereka. Chimene amadya ndi mtendere wa munthu, ndipo chimenecho si chaching'ono. Koma kuti mtenderewo uugule pa mtengo wanji, ndi kusiya chiyani, woyeza ndiwe. Ine ndilibe sikelo yake."

Zipora adapinda kapepalako kanayi. Adabwera kudzafuna khomo, ndipo adalipezadi, koma lili ndi loko.

Ndalama ya mtedza idangokwana theka la njira yobwerera. Kotsalako adayenda pansi, nafika kumudzi nkhuku zikulowa.

5. Pakhonde, Loweruka

Adakhala pakhonde la a Gilibati. Eni akewo pampando, a Rozina ndi mayi ake a Zipora pamkeka, Zipora pansi penipeni. Edina adatsala kunyumba ndi mwana.

Zipora adapereka kabukuko ndi manja awiri. A Gilibati Chingerezi sankachidziwa, koma chidindo ankachilemekeza, poti ndicho chimayendetsa fodya. Adachisisita ndi chala, nati, "Werenga, utanthauzire."

Adawerenga, natanthauzira liwu ndi liwu.

"Mlandu ngwake, mboni ndi yemweyo, womasulira ndi yemweyo," adatero a Rozina.

"Mukhoza kupita nalo kwa aliyense wodziwa kuwerenga, amayi."

"Chabwino, tinene kuti mimba palibe. Masiku ano mapiritsi olerera amagawa ngati maswiti. Kupanda mimba ndiye kupanda mwamuna? Adokotala akowo alemba kuti sunagonepo ndi munthu?"

Zipora adatseka kabukuko. "Anati zimenezo palibe amene angazidziwe poyang'ana."

"Ehe. Iwo sangadziwe. Ife timadziwa."

Apa mayi ake adayankhula, mawu ali pansi. "Achimwene, malemu bambo ake ankaterodi. Ndinkachapa ndine."

"Mwamuna ndi mwamuna," a Rozina adawadula. "Amalima, amanyamula. Uyu wanyamula chiyani, bolopeni?"

A Gilibati adadzuka pampando. Kenako adalowa m'nyumba, natuluka ndi ndalama zokulunga m'pepala la shuga. Adaziika pansi, pakati pa iwo ndi Zipora.

"Ine sindifuna kulakwira munthu," adatero. "Pepalali likuti ndi matenda. Matenda ali ndi mankhwala, watero wekha. Ndiye nayi ndalama. Ndi imodzi, ilibe inzake, belo lotsalalo ndi la fetereza. Ukafuna, Lolemba ukwere minibasi ndi mayi ako, mukagule mankhwalawo. Likauma thukutalo, tonse tiona ndi maso kuti adali matenda. A Rozina atseka pakamwa, mwana umunyamula, dzina lako liyera. Sukulu udzabwereza chaka chamawa, Mulungu akatipatsa mvula. Ukafuna, pita nayo kusukulu. Sindikuletsa, poti chidindo ndachiona. Koma ukatero usadzabwere kwa ine kudzalira kuti anthu akundinena. Pakamwa pa mudzi ine sindingapatseke ndi pepala. Mtsikana dzina likaipa, ngakhale akhale ndi satifiketi, pamaliro amakhala yekha. Ganiza bwino. Sankha."

Zipora adayang'ana ndalamazo. Akasankha mankhwala, Fomu 3 yapita, ndipo chaka chamawa chili m'manja mwa mvula ndi ogula fodya. Komanso adokotala adanena poyera kuti ena sawathandiza. Atapaka miyezi itatu thukuta osauma, pamenepo adzanenanso chiyani? Akasankha sukulu, a Rozina apeza chonena lero lomwe.

Thukuta lidatsika m'nthiti mwake, lozizira. Onse atatu adaliona likufalikira pa bulauzi.

"Amalume, ndifunse. Mankhwalawo akakana kundigwira, mudzati chiyani?"

A Gilibati adayang'ana ndalama zili pansizo.

"Mudzati ndine wolakwa. Ndiye kuti ndigule mlandu ndi fizi yanga yomwe." Zipora sadalekere pomwepo. "Mankhwalawo ndikuwafuna. Palibe amene akuwafuna kuposa ine, amene ndimavala juzi mu Okutobala. Koma ndidzawagula chifukwa cha thupi langa, osati kuti ndigule chikhululukiro cha tchimo limene sindinachite. Ndalamayi ndipita nayo kusukulu."

Adaitola ndi manja awiri, naimanga pamfundo ya chitenje.

Mayi ake adatulutsa mpweya umene adausunga nthawi yonseyo. A Gilibati adangogwedeza mutu, osaonetsa ngati akuvomera kapena akudandaula.

A Rozina adadzuka, nakutumula chitenje chawo.

"Mwaona nokha, achimwene. Wopanda chobisa sathawa mankhwala." Adatembenukira kwa mng'ono wawo. "Ine ndine mlendo pano, mudzati ndikumuda mwanayu. Ndiye asaweruze ndine. Dzulo ndinalankhula ndi alangizi atatu a mpingo wanu uno, avomera. Mawa tikaweruka kutchalitchi abwera kunyumba, alowa naye m'chipinda, amuone okha. Akapeza zimene ndikuganizazo, Gilibati, ndalamayo ibwerere m'pepala lake."

"Adokotala anati palibe amene angadziwe poyang'ana," adatero Zipora. "Angonena zimene akufuna."

"Ukakana kulowa, ndiye wayankha kale."

Zipora adayang'ana amalume ake. Iwo adali kuyang'ana ku chigafa.

"Za amayi ine sindilowerera," adatero.

Zipora adagwira mfundo ya chitenje ndi dzanja lonse. Fizi inali m'manja mwake tsopano, ndipo geti la sukulu linali kudzatsekulidwa Lolemba m'mawa. Koma kuti afike Lolemba, anayenera kudutsa kaye Lamulungu.